Masiku Asanu ku Lilongwe, Kufunafuna Holo ya Kanema ya Amalume

Lolemba

Ndafika. Ndikulemba ndili pamkeka kwa msuweni wanga ku Area 36, miyendo ikadali yotupa ndi ulendo. Basi inanyamuka pa Wenela kusanache bwino, tinawoloka Shire pa Zalewa dzuwa litakwera kale, ndipo pa Lizulu tinaima nthawi yaitali anthu akugula kachewere, kabichi ndi tomato kudzera m'mawindo. Pamenepo msewu ndiwo malire, uku Malawi, uko Mozambique, koma amayi ogulitsa amangodumpha ngati akupita kuseri kwa nyumba yawo. Tinapitirira Dedza mphepo ya Ogasiti ikulowa m'mafupa, kenako Linthipe, Nathenje, mpaka fumbi la Lilongwe linatilonjera.

Ulendowu unayamba ndi foni ya msuweni wangayu masabata awiri apitawo. Anati, "Bambo akungotchula za holo ija masiku ano. Akuti mwa ana onse amene angamvetse ndiwe. Bwera maso awo asanatheretu."

Amalume ndi amene ankayendetsa makina a kanema mu holo ina ku Kawale ine ndili mwana. Mwa atsikana a m'dera lathu, ndine ndekha ndinkaonera kanema sabata iliyonse. Masiku amenewo mtsikana wopezeka ku kanema usiku ankamunena, koma ine mayi ankandilola chifukwa ndinkapita kukapereka chakudya kwa alongo awo. Ndikafika ndi mbale zomanga pansalu, amalume ankandikhazika pa kireti m'kachipinda kawo kam'mwamba, ine n'kumasuzumira pa kabowo.

Ndawapeza atagona kale. Ndingowaona mawa.

Lachiwiri

"Ndani ameneyo? Mphwanga?" Anandizindikira ndi mawu. Ng'ala yawaphimba diso lamanja, lamanzere likuona zinthu ngati zili m'nkhungu. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo anagwira dzanja langa osalisiya mpaka tiyi anazizira.

Sindinafunse zambiri. Nkhani inangoyamba yokha.

Amalume anabwera ku Lilongwe mu 1972 kuchokera kwathu ku Mitundu, kudzafuna ntchito yonyamula njerwa. Inali nthawi yomanga likulu latsopano, boma likukonzekera kusamuka ku Zomba, zomwe zinachitika mu 1975. Ndalama zoyambira ntchitoyo zinali ngongole yochokera ku South Africa, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation ndilo linkayang'anira zomangazo. Pa kalembera wa 1966 tauniyi inali ndi anthu osakwana 20,000. Pofika 1977 anali atayandikira 100,000. Iwo manambalawo sawatchula. Amangoti, "Unkagona pali thengo, podzuka pali nyumba." Anthu ankachokera ku Karonga, ku Nsanje, ku Mangochi, ku Mchinji, aliyense ndi chilankhulo chake, n'kudzaunjikana ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi. Masana ntchito. Usiku munthu alibe kopita kupatula ku mowa kapena kukhala pafupi ndi wailesi. Wailesi ya kanema kunalibe m'dziko lonse lino.

Kuchokera pa njerwa amalume anayamba kuthandiza mmisiri wa zamagetsi, ndipo mmisiriyo ndi amene anawatengera ku holo tsiku lina kukakonza waya wa sipika. Woyendetsa makina wa nthawiyo anali atatopa ndi ntchitoyo. Anawaonetsa kawiri kokha mmene amalowetsera filimu, kachitatu anawasiyira.

Apa ndi pamene nkhope yawo inasintha. Anakhala tsonga n'kuyamba kuonetsa ndi manja m'malere. Makina awo anali a filimu ya 16mm, osati aakulu a 35mm a m'nyumba za kanema za anthu a ndalama. Filimu inkabwera m'zitini zophwatalala, magudumu awiri kapena atatu pa nkhani imodzi. Gudumu lodzaza umalikoleka kutsogolo, lopanda kanthu kumbuyo. Kenako umatenga nsonga ya filimu n'kuidutsitsa pa mano oyamba, n'kusiya kampata kolendewera kamene iwo amati lupu, n'kuilowetsa pa geti pomwe pamadutsa kuwala, lupu ina pansi, kenako kuzunguliza pa kang'oma ka mawu.

"Lupu ikachepa, chithunzi chimanjenjemera, filimu n'kuduka. Ikakula, milomo imayamba kutsogola mawu n'kumabwera pambuyo. Anthu salekerera zimenezo, mphwanga. Amayamba kuimba mluzu."

Anandifotokozera chinthu chimene sindinkachidziwa zaka zonse ndinkakhala pa kireti paja. Pa filimu yotere mawu sakhala pambali pa chithunzi chake. Amakhala patsogolo ndi tizithunzi 26, chifukwa malo owerengera mawu ali patali ndi geti. Mawuwo ndi kamzere kopyapyala m'mphepete mwa filimu, ndipo kababu kakang'ono ndi kamene kamawala podutsa pa kamzereko kuti sipika ilankhule. Tizithunzi timadutsa 24 pa sekondi imodzi. Iwo amati khutu lawo linkadziwa liwiro limenelo, moti magetsi akafooka ankamva makina asanayambe kuonetsa pa khoma.

Makina anali amodzi okha, choncho gudumu likatha, patapita mphindi 40 ndi kanthu, ankayatsa magetsi kuti asinthe. Imeneyo ndiyo inali nthawi ya malonda. Ndikuwakumbukira amayi a mtedza wokazinga ndi zitumbuwa pakhomo, anyamata a nzimbe, ndi bambo wina amene ankafotokozera anzake zonse zimene zachitika ngakhale Chingerezi sankachimva. Nkhani yake nthawi zambiri inkakoma kuposa ya pa khoma.

Ndinawafunsa za nyimbo ya fuko. Anagwedeza mutu. Filimu isanayambe pankaoneka kaye Kamuzu akubayibitsa anthu, nyimbo ya fuko ikulira, aliyense ataimirira. Wochedwa kuimirira ankayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wamuona. Ndipo filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa a Censorship Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Ankadula zonse zimene ankaziona kuti n'zosayenera, ngakhale kupsompsonana kumene. Mwamuna ndi mkazi akungoyandikizana nkhope, mwadzidzidzi kwacha, munthu ali pa hatchi. Holo yonse inkakuwa kuti, "Wadula! Wadula!" n'kumaloza kabowo ka amalume.

"Ankaganiza kuti ndine ndikudula," anatero, ndipo sanaseke. "Zaka zonsezo ndinasenza mlandu wa eni ake. Ukanawauza kuti adula ndi a boma, mawa lake ukanagona kuti?"

Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse. Ine ndinkakuwa nawo chamumtima, ndili pambali pawo pomwepo.

Lachitatu

Lero ndinapita ndekha kukaifuna holoyo. Ndinakwera minibasi mpaka ku depoti, n'kuyenda pang'ono mu Malangalanga kuti ndione ngati mapazi akukumbukira. Pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe anthu ndi ochuluka moti suyenda mmene ukufunira, umayenda mmene gulu likufunira. Kumunsi kuli msika wa Tsoka ndi timilatho take tamitengo. Ndinagula chinangwa chootcha n'kukwera kabaza wa ku Kawale.

Ndinasochera kawiri. Mtengo wa mango umene ndinkaudalira kulibe, ndipo bwalo limene tinkasewerapo fulaye ladzaza nyumba ndi mipanda ya njerwa. Anyamata a pa siteji sankadziwa kuti kuno kunali kanema. Mmodzi anandilozera ku vidiyo sho. Amene anandithandiza ndi agogo ena ogulitsa makala. Nditangotchula za holo, anaika chitini pansi n'kunena kuti, "Mukunena kwa akarate kuja? Pitani apo pali chigayo, mukhotere kumanja. Pano ndi tchalitchi."

Ilipo. Yafupika, kapena ndine ndatalika. Kutsogolo anamangako timashopu titatu, ka saluni, ka zitsulo ndi kogulitsa mayunitsi, moti khomo lalikulu lija latsala kanjira kopapatiza. Kawindo kogulitsira matikiti anakatseka ndi njerwa zosapaka pulasitala, ndipo maonekedwe ake akuonekabe bwinobwino, kabokosi kofiira pakhoma loyera. Ndinaika dzanja pamenepo. Pansi pake simenti inasalala ndi zigongono za anthu.

Chitseko chinali chokhoma. Mtsikana wa mu saluni anati makiyi amasunga mkulu wa mpingo amene amabwera Lachisanu kudzakonzekera mapemphero. Anadabwa nditamuuza kuti nyumbayi inali ya kanema. Iye anabadwa ili kale nkhokwe ya fodya, kenako sukulu ya mkaka, kenako mpingo.

Pobwerera ndinalowa mu vidiyo sho ija, popeza ndi imene inalowa m'malo mwa holo. Ndi kachisakasa ka malata ndi matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, panja bolodi lolembedwa ndi choko: filimu ya nkhondo masana, mpira wa ku England madzulo. Mkati mabenchi, ana ndi anyamata pafupifupi makumi awiri, sikirini ili m'khola la zitsulo. Filimu inali ya ku China koma ikulankhula Chichewa. Mnyamata mmodzi yekha, wojambulidwa kale, ndi amene ankalankhulira anthu onse a mu filimumo, mfumu, mkazi wake ndi akuba omwe, akuponyamo nthabwala za kuno ndi mayina a malo a kuno. Ana ankaseka mpaka kugwa pa benchi. Nthawi yomweyo ndinakumbukira bambo uja wofotokozera anzake pa nthawi yosintha gudumu. Ntchito yake sinafe, yangopeza maikolofoni.

Ena amawanyoza malo amenewa, ndipo zifukwa zilipo: ana amathawa sukulu, ndipo zina zimene zimaonetsedwa usiku si za ana. Zimenezo sindikuzikana. Koma ndinakhalamo theka la ola, ndipo phokoso la anthu oseka limodzi mumdima ndi lomwe lija ndinkalimva kudzera pa kabowo.

Lachinayi

Tsiku lodikira. Mphepo yavuta, fumbi lili paliponse, amalume akutsokomola ndipo sitinawatulutse. Ndathandiza msuweni wanga kusenda nandolo.

Madzulo ndinawafunsa mmene holo inathera. Anayankha mwachidule. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madeki a makaseti anayamba kulowa, obwera nawo anthu ochokera kunja. Munthu wokhala ndi deki, sikirini ndi chipinda ankatha kuonetsa mafilimu anayi pa tsiku pa mtengo wochepa, pomwe iwo ankadikira zitini kuchokera ku Blantyre, filimu yake yokalambakalamba, yodukaduka, ina anthu anaionera kale katatu. Mabenchi anayamba kuoneka. Pamene dziko linkavota pa referendamu ya 1993 holo inali itatseka kale, ndipo pamene Television Malawi inkayamba mu 1999 amalume anali akukonza mawailesi pa khonde la sitolo ina ku Mchesi.

Makina aja mwini holo anawagulitsa kwa ogula zitsulo, osawauza. Anangopeza kachipinda kali mbee. Mwezi womaliza sanalipidwe. Ndalamazo sazitchula ndi mkwiyo, koma za makina mawu awo amanjenjemera. "Akanandiuza, ndikanagula ndine. Pang'onopang'ono ndikanamaliza."

Kenako anauza mdzukulu wawo kuti akatenge chitini pansi pa bedi, koma atachibweretsa anasintha maganizo. Anati titsegula mawa tikabwerako.

Lachisanu

Tinabwereka galimoto ya mnansi. Amalume anavala jekete ndi tayi, nsapato atapukuta okha. Msuweni wanga anawaseka kuti akupita kukafunsira mbeta, iwo anangoti munthu sapita ku ntchito ngati akupita kudimba.

Mkulu wa mpingo anatilandira bwino kwambiri. Ndi bambo wa zaka za m'ma 50, ndipo atamva kuti amene aima patsogolo pake ndi ndani, anavula chipewa n'kugwira dzanja la amalume ndi manja awiri. "Bambo, ine ndinkalowa muno pobisala kumbuyo kwa akuluakulu. Ndinalibe ndalama. Munandigwirapo kamodzi, koma simunanditulutse." Amalume sakumukumbukira. Anati ana otero anali ambiri.

Mkati muli mipando ya pulasitiki, maluwa a nsalu ndi zoimbira. Koma pansi ndi potsetserekabe, kumbuyo kokwera, kutsogolo kotsika, ndipo amalume anazindikira zimenezo ndi mapazi asanaone chilichonse. Anayenda okha osagwira ndodo mpaka pakati. Khoma lakutsogolo, kuseri kwa guwa, analiphimba ndi makatani. Mkuluyo anakoka katani imodzi, ndipo kuseri kunaoneka chimene ndinkachiyembekeza: chigawo chachikulu cha khoma chosalala kuposa kwina konse, m'mphepete mwake mukuonekabe mzere wakuda pansi pa utoto watsopano. Sikirini yathu sinali nsalu. Linali khoma, ndipo amalume ankalipaka laimu okha kawiri pa chaka.

Anawomba m'manja kamodzi n'kumvetsera. "Denga anasintha," anatero. Mkuluyo anavomera kuti malata akale anasasuka ndi mphepo zaka zingapo zapitazo.

Kenako tinatembenuka. Pamwamba pa khomo, mabowo awiri aja alipo, lina lalikulupo la kuwala, lina laling'ono losuzumirapo. Analowetsamo mawaya a masipika. Makwerero opita m'kachipindako ndi a matabwa, ndipo amalume sakanatha kukwera. Anandituma ine. "Kaone ngati mabawuti alipo pansi. Anali anayi."

Ndinakwera. Muli ng'oma zong'ambika, mabenchi othyoka ndi ndowe za mileme. Ndinasesa fumbi ndi phazi, ndipo mabawuti anayi aja ndinawapeza, atachita dzimbiri, ali pomwe panali tebulo la makina. Pakhoma pafupi ndi kabowo pali timizere ta pensulo tambirimbiri, m'magulu a tisanutisanu. Ndinawerama n'kusuzumira. Pansi, pakati pa mipando ya pulasitiki, panaima nkhalamba ya tayi itayang'ana m'mwamba kwa ine. Zaka zonse zija iwo ndi amene ankayang'ana pansi, anthu osawaona. Ambiri mwa anthu amene ankadzaza muno sankadziwa n'komwe nkhope yawo.

"Alipo, malume! Onse anayi!"

"Nanga timizere?"

"Tiliponso."

"Kamzere kalikonse ndi usiku umene filimu sinaduke."

Ndinayamba kuwerenga koma misozi inandilepheretsa. Ndinangojambula ndi foni.

Madzulo ano magetsi anazima tikudya, ndipo amalume anati nthawi yake ndi imeneyi. Chitini chija ndi cha mabisiketi, chakale. Atatsegula munatuluka fungo lowawasa ngati viniga, lomwe iwo anati ndi fungo la filimu ikamakalamba. Mkati muli tizidutswa mazanamazana, tina ta tizithunzi titatu, tina tisanu. Si zimene ankadula a boma, zimenezo sizinkafika kuno. Izi ndi za pamene filimu yaduka kapena yapsa pa geti. Ankadula mbali yowonongekayo ndi lumo, n'kupala pang'ono nsonga imodzi, n'kupaka guluu wake wa filimu, n'kulumikiza, zonsezi anthu akuimba mluzu pansi. Zodulazo sankataya. Ankaika m'thumba la malaya.

Pansi pa tizidutswato panali sokosi yakale, ndipo m'sokosimo munali lenzi. Usiku uliwonse akamaliza ankaichotsa n'kupita nayo kunyumba poopa akuba ndi chinyezi. N'chifukwa chake ogula zitsulo aja sanaipeze.

Anatiyika aliyense pa ntchito yake. Mdzukulu wamkulu anagwira foni yanga itayatsa tochi. Ine ndinagwira kachidutswa patsogolo pa tochiyo. Amalume anagwira lenzi, n'kumaisuntha pang'onopang'ono, akufunsa kuti, "Pano? Nanga pano?" popeza khomalo sakuliona. Poyamba panangooneka chiwalitsiro chachikasu. Kenako mwana wamng'ono anakuwa kuti waona munthu, koma miyendo ili m'mwamba.

"Tembenuza, mphwanga. Filimu imalowa chadodolido."

Ndinatembenuza. Pakhoma la pabalaza, kukula ngati thireyi, panaoneka mwamuna wovala chipewa chachikulu ataima pafupi ndi hatchi, kumbuyo kwake phiri. Mitundu yonse inafiira ndi ukalamba. Tinasintha china: mkazi wa ku India ali pakati pa kuvina, dzanja lili m'mwamba. China: amuna awiri a karate, phazi la mmodzi lili m'malere. Ana a nyumba zoyandikana anamva phokoso n'kudzadzaza pakhomo ndi pawindo. Chilichonse chikaoneka ankawauza amalume zimene zili pakhoma, iwo n'kumapitiriza nkhani yake kuchokera pamenepo, amene anapha mnzake, amene anakwatira, amene anabwerera kwawo.

Kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi kanafunsa kuti, "Agogo, bwanji sakuyenda?"

"Akufuna anzake 24 pa sekondi imodzi," anayankha. "Ine ndili ndi atatu okha."

Tinapitiriza mpaka batire la foni linatha. Mkono wa amalume unali utatopa, koma lenzi sanapatse wina aliyense. Anaipukuta ndi nsonga ya tayi n'kuibwezera m'sokosi.

Basi yanga ndi ya 7 koloko m'mawa. Andipatsa kachidutswa ka mkazi wovina kaja, ndakakulunga m'pepala n'kukaika pakati pa Baibulo. Chitini chatsala, akuti ana a pano ayamba kale kufunsa ngati mawa kulinso kanema.